Mfuti ili m'manja, wamkulu akuitana kumbuyo

Lamulungu lapitali ndinachita mwano kutchalitchi, ndipo ndikuvomera ndekha musanamve kwa ena.

Mapemphero akatha, ife Amalawi a kuno ku Nairobi timasonkhana kuseri kwa tchalitchi chathu ku Westlands, kumwa tiyi ndi kufunsana za kumudzi. Tsikulo wothira tiyi ndinali ine. Ndili pakati pothira, ketulo yaikulu ili m'manja, ndinamva a Gondwe akundipatsa moni chakumbuyo. A Gondwe ndi mkulu wa mpingo, munthu wa imvi zake, amene anafika m'dziko muno ena a ife tisanadziwe n'komwe kumene amatenga pasipoti.

"Mayi Phiri, mwadzuka bwanji?"

Ine osatembenuka. Ndinayankha bwinobwino, mawu onse aulemu ali m'malo mwake, koma maso ali pa makapu, msana uli kwa iwo. Nditamaliza kuthira ndinaika ketulo pansi, kenako ndiye ndinatembenuka. Ndinapeza atachoka kale.

Pobwerera kunyumba, amuna anga, bambo a Tadala, anandiuza kuti a Gondwe anawakokera pambali n'kuwafunsa ngati kunyumba kwathu kuli mtendere. Akuti mayi wolongosoka akayamba kufulatira akuluakulu, ndiye kuti chilipo chikumudya mumtima. Bambo a Tadala anaseka msewu wonse. Ine ndinachita manyazi, koma ndisakunamizeni, pansi pa manyaziwo ndinali wokondwa. Ndinali nditatha masabata atatu ndikuphunzira mwano umenewu, ndipo tsikulo unatuluka wokha osauganizira.

Dikirani kaye musanandiweruze. Nkhani yake ndi iyi.

Ntchito yanga ndi yowerenga njovu. Ndimagwira ku bungwe lina losamalira nyama zakutchire, ofesi yathu ili pamwamba pa nyumba yosanja ku Upper Hill, ndipo kwa zaka zinayi njovu zonse zimene ndawerenga ndaziwerengera pa kompyuta. Anzanga amapita kutchire, amabwera ndi fumbi m'tsitsi ndi manambala m'makope. Ine ndimalandira manambalawo n'kuwasanja. Mwana wokulira m'mphepete mwa nkhalango ya Kasungu, amene ndinadziwa fungo la njovu ndisanadziwe kulemba dzina langa, ndinasanduka mlonda wa mpando. Pawindo langa ndimaona denga la chipatala ndi magalimoto opanikizana.

Mwezi watha malo anatseguka m'gulu lopita kutchire. Ndinapempha, anandilola, koma panali lamulo limodzi. Gululo limayenda ndi alonda a nkhalango onyamula mfuti, ndipo bungwe lathu silitumiza munthu wosadziwa kukhala pafupi ndi mfuti. Uyenera kudziwa kuigwira, kuchotsa zipolopolo, ndi kuiika pabwino ngati mwini wake wavulala. Umakaphunzira kwa mphunzitsi wovomerezeka n'kuyesedwa mayeso, ndipo mwayi ndi uwiri wokha. Ukalephera kawiri malowo amapita kwa wina. Winayo analipo kale, mnzanga wa tebulo loyandikana ndi langa, ndipo nsapato za kutchire anali atagula kale.

Walira mvula walira matope. Ine amene mfuti ndinkangoiona paphewa la wapolisi pa rodibuloko, ndinapezeka ndili pa bwalo lophunzirira kuwombera, kunja kwa mzinda, makutu atatsekedwa ndi zinthu zonga mbale ziwiri.

Mphunzitsi wathu anali Mzee Otieno. Mzee ndi mmene kuno amaitanira bambo wachikulire amene amamulemekeza. Ndi munthu wamfupi, wowonda, wopuma pa ntchito ya usilikali, woyankhula motsitsa ngati wansembe pa kulapa. Kwa masiku atatu anatikhomerera malamulo ake. Mfuti iliyonse uziiyesa kuti ili ndi chipolopolo. Chala chisayandikire kachitsulo kokhethemulira mpaka utatsimikiza kuwombera. Ikakana kulira, usaisunthe, kweza dzanja, dikira mphunzitsi, chifukwa chipolopolo china chimachedwa kuphulika. Ndipo lamulo lalikulu pa onse: kukamwa kwa mfuti kuziloza kutsogolo kumene kuli chandamale, zivute zitani.

Ine za m'kalasi sizindivuta. Ndinalemba zonse m'kope, ndinaloweza, ndipo pa mayeso olemba palibe anandiposa. Ndinayamba kale kudziona ndili pansi pa mtengo ndikuwerenga ana a njovu.

Tsiku la mayeso ogwira mfuti yeniyeni, anandiimika pa tebulo langa, mfuti yaitali itatsamira pa kathumba ka mchenga, chipolopolo chimodzi chili m'kati. Kumanzere kwanga kunali mayi wina amene sindinkamudziwa, wobwera kudzayeserera yekha. Ndinanyamula mfuti monga anatiphunzitsira. Ndiye Mzee Otieno, ali kumbuyo kwanga, anaitana motsitsa kuti, "Mama Phiri."

Ndinatembenuka.

Sindinacheuke ndi khosi lokha ayi. Ndinatembenuka thupi lonse, mawondo atapindika pang'ono, monga mwana wa munthu woleredwa bwino amachitira wamkulu akamuitana. Ndipo mfuti inatembenuka nane limodzi.

"Simama!"

Mawu amenewo m'Chiswahili ndi akuti ima, ndipo sindinkadziwa kuti m'chifuwa chaching'ono chija mungatuluke mawu otero. Nditayang'ana kumene mfuti inaloza, ndinaona kuti ili pamimba pa mayi wa kumanzere uja. Mzee anabwera cham'mbali, anagwira mfutiyo n'kuilozetsa kutsogolo, anachotsa chipolopolo n'kuchiika m'manja mwanga kuti ndichione. Kenako anabwerera ku mawu ake otsitsa aja n'kundiuza kuti ndalephera, ndipite kunyumba, ndidzabwere pakatha masabata atatu ngati ndikufunabe.

Mwina mukufunsa kuti munthu wophunzira, woti malamulo analoweza, anachita bwanji zopusa chonchi? Funso limenelo ndinadzifunsa kambirimbiri. Yankho lake lili ku Kasungu. Ndinaleredwa ndi azakhali anga, mayi amene sankamenya mwana koma ankadziwa kupotokola khutu. Ukawayankha uli chofulatira, ngakhale uli pakati potsuka mbale, ankafika pomwepo n'kukufunsa ngati nkhongo yako yamera pakamwa. Inu nomwe mukuwerenganu, ndani wa inu angayankhe apongozi ake atawapatsa msana? Thupi limatembenuka lokha mutu usanaganize. Kwa zaka makumi anayi ndi zisanu khalidwe limeneli landitsegulira zitseko, ndipo tsiku limenelo linatsala pang'ono kupha munthu.

Ndinakakhala pa benchi pafupi ndi poimika magalimoto, ndikudikira galimoto imene ndinaitanitsa pa foni. Ndinalira, osati chifukwa cha njovu, koma chifukwa cha mimba ya mayi uja. Nditatukula maso ndinaona mwini mimbayo ataima patsogolo panga.

"Ndine Njeri," anatero. "Munaloza ine."

Ndinayamba kupepesa m'zinenero zonse zimene ndimadziwa. Iye anandisiya mpaka ndinatha mpweya. Kenako anandiuza kuti ndi namwino pa chipatala china chachikulu ku Parklands, ku chipinda cholandirira ovulala, ndipo mabala a mfuti amawadziwa bwino kuposa mmene akanafunira. Sanandiuze kuti palibe kanthu. Anati kanthu kalipo, ndipo n'kakakulu. Koma anaonanso kuti chala changa chinali kunja kwa kachitsulo kaja, ndiye kuti theka la phunziro linalowa. Anandipempha nambala ya foni, n'kunena kuti andilowetsa m'gulu lawo la pa intaneti la anthu okonda masewera owombera chandamale.

Kunena zoona ndinampatsa nambalayo chifukwa munthu amene wangomuloza ndi mfuti sungamukanize kanthu. Gulu la anthu okonda mfuti? Ndinkayembekezera azibambo a mimba zawo ojambulitsa atavala magalasi akuda, odzitama kuti akuba akabwera adzaona. Ndinakonza zokhalamo masiku awiri mwaulemu kenako n'kutulukamo mwakachetechete.

Zimene ndinapeza zinandichititsa manyazi. Munali dokotala wa mano, mlimi wa maluwa wa ku Naivasha, aphunzitsi, amayi angapo, ndi achikulire opuma pa ntchito. Pamwamba penipeni anakhoma malamulo awo: muno sitigulitsana mfuti, sitikamba ndale, sitiopseza munthu ngakhale mocheza. Tsiku langa loyamba, bambo wina watsopano anatumiza chithunzi chake akumwetulira, chala chili pa kachitsulo kokhethemulira. Sipanathe mphindi zisanu. Anamudzudzula ngati watukwana pamaliro, chithunzicho chinachotsedwa, ndipo iye anapepesa. Nkhani zawo zambiri zinali zotopetsa ndithu: kapumidwe, kaimidwe ka miyendo, zotsekera m'makutu zabwino, ndi ndani ali ndi malo m'galimoto Loweruka.

Masiku awiri ndinangokhala chete ndikuwerenga. Lachitatu lake Njeri anandilembera pambali kuti ndifotokoze nkhani yanga pagulu. Ndinakana. Anati iye sangaifotokoze chifukwa si yake, koma ndikaisunga ndekha ndidzabwerera nayo kwa Mzee ili chimodzimodzi. Ndinalemba, ndinafufuta, ndinalembanso. Potsiriza ndinatumiza, n'kuvundikira foni pa tebulo la ku ofesi ngati mbale yoti mwagwera ntchentche.

Nditaivundukula, funso loyamba linali lakuti chala chinali pati. Lachiwiri linali lakuti mayi amene ndinamulozayo ali bwanji, ndipo Njeri anayankha yekha kuti ali bwino, akudya chapati. Palibe anatumiza kankhope koseka. M'malo mwake anthu anayamba kuulula zawo. Mlimi wa maluwa uja anati iye anazungulira ndi mfuti tsiku lina chikhungwa chotentha cha chipolopolo chitamugwera m'kolala. Mayi wina anati anatembenuka foni yake itaitana, poganiza kuti ndi kusukulu kwa mwana. Bambo wina wachikulire, amene onse m'gulumo amangomutchula kuti Babu, ndiko kuti agogo, anati atatha zaka makumi atatu akugwira mfuti anaboola denga la nyumba yake ndi mfuti imene ankalumbira kuti ilibe kanthu. Akuti bowolo sanalitseke mpaka lero, amaliyang'ana m'mawa uliwonse.

Koma chifukwa changa chinali chachilendo kwa iwo. Anandifunsa mwachidwi za kwathu, za kugwada, za kupereka chinthu ndi manja awiri. Ena anati agogo awo ankachitanso chimodzimodzi, kungoti mzinda unawachotsa. Kenako Babu analemba mawu amene ndawasunga: "Mama, mutu wanu malamulo ukuwadziwa. Thupi lanu ndi limene linaleredwa bwino kwambiri. Kuwerenga sikungathandize, tiyenera kulileranso."

Mankhwala ake anali ambulera.

Anati ndimate kapepala pakhoma la pabalaza, ndizigwira ambulera ngati mfuti n'kuloza pamenepo, ndipo wina wa m'nyumba azindiitana chakumbuyo nthawi imene sindikuyembekezera. Ntchito yanga inali kuyankha ndi pakamwa pokha, kuika ambulera pansi ikulozabe kukhoma, kubwerera m'mbuyo phazi limodzi, kenako n'kutembenuka. Tsiku lililonse ndizinena pagulu kuti ndagwa kangati.

Sindinaonepo bambo a Tadala akukonda ntchito ngati imeneyi. Munthu amene ukamutuma mchere amabwera ndi shuga, anasanduka mphunzitsi wakhama. Ankandiitana ndi mawu a abwana anga. Ankandiitana ndi mawu a abusa. Ankagwetsa supuni n'kubuula ngati wadzicheka. Tsiku loyamba ndinagwa kasanu ndi kawiri mwa maulendo khumi, ndipo gulu linandiyamikira chifukwa cha atatu otsalawo. Pofika sabata yachiwiri ndinayamba kudzimva kuti ndatha. Ndinalemba pagulu kuti tsopano ngakhale mngelo ataitana sinditembenuka.

Bambo a Tadala anawerenga uthenga umenewo ali paphewa panga. Loweruka masana, ine ndili ndi ambulera yanga pakhoma, iwo anaimba foni ku Kasungu mwakachetechete, n'kuikweza mawu, n'kuigwira kumbuyo kwa khutu langa. Ndinangomva azakhali anga enieni akunditchula dzina langa la paubwana, ndi kamvekedwe kaja kamene kamatanthauza kuti khutu lili pangozi.

Ambulera inazungulira n'kugwetsa nyale ya pa shelefu. Inasweka.

Gulu litamva, linapereka ulemu wonse kwa bambo a Tadala, ndipo Babu anati munthu ameneyo akanakhala mphunzitsi wabwino wa asilikali. Koma ine ndinatsala ndi azakhali pa foni, akufunsa kuti chasweka n'chiyani ndiponso kuti ku Kenyako akundiphunzitsa zotani. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa njovu mpaka pa mimba ya Njeri. Ndinkayembekezera ulaliki wonena za akazi ogwira mfuti. Koma iwo anati:

"Ngati chili m'manjacho n'chakupha, undifulatire. Ine ndinkakuphunzitsa ulemu, sindinkakuphunzitsa uchitsiru."

Kuyambira tsiku limenelo sindinagwenso. Sindikudziwa ngati ndi ambulera inagwira ntchito kapena chilolezo cha azakhali. N'chifukwa chake a Gondwe anakumana ndi msana wanga Lamulungu lija, ketulo ya tiyi wowira ili m'manja, ana akuthamanga m'mbali mwa tebulo.

Tsopano ndiloleni ndikambe za ife.

Ndili m'magulu a pa foni osawerengeka, ngati inu nomwe. La Amalawi a ku Nairobi, la amayi a kutchalitchi, la amene tinaphunzira limodzi kusekondale, la banja la kwathu, la banja la kwa amuna anga, ndi lina la banja lomwelo koma lopanda alamu ena awiri. Sindikuwanyoza. Maliro akagwa, ndi magulu amenewa amene amatinyamula. Wina akamapita ku Lilongwe, ndi mmene timapezera wotibweretsera usipa ndi tsabola wa kambuzi. M'mawa uliwonse ndimalandira maluwa ndi mavesi okwanira mudzi wonse.

Koma ndikufunseni. Ndi liti pamene munaona munthu akulemba m'gulu lanu kuti, anzanga, lero ndalakwitsa kuntchito, ndinatsala pang'ono kuvulaza munthu, ndithandizeni? Ine sindinaonepo. Timalemba za kukwezedwa pa ntchito, za ana okhoza mayeso, za galimoto yatsopano imene Mulungu watidalitsa nayo. Zolakwa timakwirira, chifukwa tikudziwa kuti dzuwa lisanalowe uthengawo ukhala utajambulidwa n'kufika ku gulu lina lija lopanda ife.

Ndiye taganizani madalaivala athu onse amene anagonapo pa chiwongolero n'kupulumuka. Anamwino amene anatsala pang'ono kubaya mankhwala olakwika. Amisiri a magetsi amene anagwira waya poganiza kuti azimitsa. Aliyense wa iwo ali ndi phunziro limene likanapulumutsa mnzake, koma amafa nalo m'mimba. Timakonda kunena kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma chimene mnzakoyo waona uchidziwa bwanji ngati iye akuopa kukuuza?

Musandimve molakwa. Sindikulemba anthu ntchito yogula mfuti. Ine mfuti sindinaikonde ndipo sindikuganiza kuti ndidzaikonda. Kulira kwake kumandipweteka m'mano. Ndikudziwanso kuti pa intaneti pali makona ena onyansa, a anthu amene amapembedza mfuti ndi kulota tsiku lodzaigwiritsa ntchito pa munthu. Ndinasuzumirako mwachidwi, ndinatulukako msanga. Kusiyana kwake ndi gulu la Njeri si mfuti ayi, ndi akuluakulu. Muli anthu osaopa kudzudzula, ndiponso osaopa kuyamba iwo kuvula zolakwa zawo. Chinanso n'chakuti amadziwa malire awo. Nthawi zonse ndikafunsa za kagwiridwe ka mfuti yeniyeni, yankho linali limodzi: zimenezo mukafunse Mzee pa bwalo, foni siphunzitsa zimenezo.

Pali tsiku limodzi lokha limene anandikwiyitsa, ndipo ndi Lachiwiri lapitali, mayeso ali mawa lake. Ambiri m'gulumo anadutsa m'manja mwa Mzee Otieno. Ndiye ndinachita zimene Mmalawi aliyense wodutsa Fomu 4 angachite. Ndinafunsa mwaulemu ngati pali kena kalikonse kamene Mzee amakonda kutchera pa mayeso, kuti ndikonzekere. Kunena mosabisa, ndinkapempha likasa.

Gulu limene limayankha munthu asanamalize kulemba linangoti zii. Ndinkaona kuti awerenga. Patapita nthawi Njeri analemba kuti ndidye bwino m'mawa ndipo ndivale malaya otseka pakhosi. Babu anatumiza kadzanja kopemphera. Basi.

Ndinauza bambo a Tadala kuti anthu a kuno ndi choncho, amakusekerera koma pa nthawi yeniyeni amakusiya. Kwathu mnzako weniweni ndi amene amakunong'oneza.

Lachitatu m'mawa ndinaimanso pa tebulo lomwe lija. Nthawi ino zipolopolo zinali zitatu, anaika yekha Mzee. Makutu anga onse anali kumbuyo, kudikira kuti aitane. Ndinali wokonzeka. Akanaitana ndi mawu a azakhali, a abusa, kapena a malemu bambo anga, sindikanasuntha.

Sanaitane.

Ndinawombera koyamba. Ndinawombera kachiwiri. Kachitatu ndinakhethemula, ndipo mfuti inangoti kete, osalira.

Mukudziwa chimene chinabwera m'mutu mwanga? Si lamulo la m'kope ayi. Chinabwera n'chakuti ndawononga chinthu cha eni ake. Ndipo mwana woleredwa bwino akawononga chinthu cha eni ake sakhala pomwepo ngati chitsa. Amachinyamula ndi manja awiri, n'kupita nacho kwa mwini wake, n'kupepesa. Ndinamva phazi langa lamanja likuyamba kunyamuka. Msampha umenewu sindinauyeserere ndi ambulera, chifukwa ambulera sikana kulira.

Koma masabata atatu aja anali ataphunzitsa thupi langa chinthu chimodzi, choti likafuna kuthamangira ulemu liyambe ladikira. Phazi linabwerera pansi. Ndinachotsa chala pa kachitsulo kaja. Mfuti inakhalabe pa kathumba ka mchenga, ikuloza kutsogolo. Ndinakweza dzanja lamanzere, maso ali pa chandamale.

Mzee sanabwere msanga. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji, koma dzanja linayamba kulemera, thukuta likutsikira m'maso, ndipo kumbuyo kwanga kunalibe ngakhale kutsokomola. Ndinayamba kuganiza kuti mwina sakundiona, mwina wapita kukayankha foni, mwina ndingocheuka pang'ono pokha. Sindinacheuke.

Potsiriza ndinamva nsapato zake pambali panga. Anandiuza kuti nditsegule mfuti pang'onopang'ono. Chimene chinatuluka chinali chipolopolo chabodza, chopanda wonga, chimene anaikamo dala. Anachitola, anachiika m'thumba la malaya, n'kulemba pa pepala lake. Titapita kukaona chandamale, tinapeza bowo limodzi m'mphepete penipeni. Chipolopolo chinacho chinapita kumene chikudziwa chokha. Mzee anayang'ana chandamalecho nthawi yaitali, kenako anati mwayi wake njovuzo ndikukaziwerenga, sindikukaziwombera.

"Mwakhoza, Mama Phiri. Ndingayende nanu kutchire."

Manja anga anali opanda kanthu, mfuti ili patali pa tebulo, yotsegula. Ndiye ndinamupatsa ulemu wonse umene ndinausunga masabata atatu. Ndinagwada pa fumbi lomwelo n'kuwomba m'manja mwachikwathu. Bambo wachikulireyo anasowa poyang'ana, n'kuyamba kukonza chipewa chake chimene chinali bwinobwino.

Lolemba likubwerali ndikunyamuka ndi gulu la kutchire. Nsapato ndagula dzulo. Mnzanga wa tebulo loyandikana uja wandifunira zabwino, ndipo ndamuuza za ambulera kuti nthawi yake ikadzafika asadzavutike.

Pobwerera kuchokera ku bwalo tsiku lija, ndili mu matatu, minibasi ya kuno, ndinalemba pagulu kuti ndakhoza. Foni inatentha ndi mauthenga. Kenako ndinafunsa funso limene linkandidya: za chipolopolo chabodzachi, ndani ankadziwa?

Onse. Mzee amachita zimenezi kwa aliyense, kungoti ulendo woyamba ine sindinafike n'komwe pamenepo. Mlimi wa maluwa ankadziwa. Dokotala wa mano ankadziwa. Babu ankadziwa. Anthu onsewo anawerenga pempho langa Lachiwiri lija, ali ndi yankho m'manja, akudziwa kuti ndikalephera ndataya malo amene ndawadikira zaka zinayi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anandilembera pambali. Ndinafunsa Njeri chifukwa chake. Anayankha ali pa nthawi yopuma kuchipatala.

"Tikanakuuzani mukanakhoza mayeso a Mzee. Kutchire kulibe wokuuzani kuti chachitatu n'chabodza, ndipo amene adzaime kumanzere kwanu ali ndi ana."

Ndinawerenga uthengawo kawiri, ndipo ndinapitirira siteji yanga. Ndikuthokoza anthu amenewa chifukwa cha zonse zimene anandiuza, koma ndikuwathokoza kwambiri chifukwa cha chimodzi chimene anandimana. Ambiri a iwo nkhope zawo sindikuzidziwa, ndipo titakumana pa msewu ku Westlands tingapitirirane.

Ndiye inu, a m'magulu a maluwa ndi mavesi, ndikusiyireni funso. Mnzanu amene mumamukonda akadzakupemphani likasa pa ntchito imene ingaphe munthu, mudzamukonda pomupatsa, kapena pomumana?